Momwe tinasankhira pulogalamu yoonetsera nyimbo ndi mavesi kutchalitchi kwathu

Akulu a mpingo atavomereza kuti tigule pulojekita, ntchito yopeza pulogalamu yoyendetsera zoonetsazo inagwera ine ndi achinyamata oyang'anira zokuzira mawu. Tisanatsitse kalikonse pa intaneti, tinakhala pansi ndi abusa n'kulemba zonse zimene zimachitika Lamulungu kuyambira pemphero loyamba mpaka mdalitso: nyimbo za m'buku, makorasi a achinyamata, kuwerenga Mawu, Chikhulupiriro cha Atumwi, zolengeza, chopereka. Abusa anawonjezera mfundo imodzi imene inatithandiza kuposa zina zonse. Anati iwo akamalalikira, vesi lina limawabwerera pomwepo, ndipo safuna kuimirira pagome kudikira kuti mwana wa pa kompyuta alipeze.

Mawu amenewo ndi amene anachotsa PowerPoint pa mndandanda wathu. Ambirife tinkaidziwa kale, ndipo pa zolengeza imagwira bwino. Koma imayenda mondondoza, tsamba ili kenako linalo. Wotsogolera nyimbo akabwereza korasi, kapena mkulu wa mpingo akatchula nambala ya nyimbo imene simunakonzekere, mumayamba kusakasaka mafayilo mpingo wonse ukuyang'ana. Mapulogalamu opangidwira mapemphero amasunga nyimbo zonse ndi Baibulo malo amodzi, ndipo amene akuyendetsa amaona zotsatira pa laputopu pomwe mpingo ukuona zimene zili pakhoma zokha.

Tinayamba ndi olipira. ProPresenter, yopangidwa ndi kampani ya Renewed Vision ku America, ndi imene matchalitchi akuluakulu oulutsa mapemphero pa Facebook ndi YouTube amakonda, ndipo mutha kuiyesa osalipira, kungoti imaika chizindikiro chake pa chithunzi. Ndi yokongola zedi, koma imafuna kompyuta yamphamvu, pomwe ife tili ndi laputopu yakale imene mkhristu wina anapereka. EasyWorship ndi yosavuta kuphunzira. Proclaim imasunga zinthu pa intaneti kuti anthu angapo azikonza mapemphero aliyense ali kwawo. Onsewa amalipiridwa m'madola, nthawi ikakwana mumalipiranso. Msungichuma wathu anangofunsa kuti madolawo tiziwapeza bwanji chaka ndi chaka. Aliyense akukumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndiye kumangirira mpingo ku bilu ya ndalama zakunja, pomwe denga la kalasi ya Sande sukulu likudontha, sindikanatha kukuikira kumbuyo pamaso pa akulu a mpingo.

Tinatembenukira kwa aulere: OpenLP, Quelea, VideoPsalm ndi FreeShow. Tinawaika onse pa laputopu yomweyo, n'kulowetsamo nyimbo zofanana zochepa, kenako tinazimitsa intaneti. Pulogalamu yofuna bandulo Lamulungu m'mawa si ya ife. Mayeso enieni anali akuti tinaitana mtsikana wa kwaya amene anali asanagwirepo iliyonse mwa iwo, tinamuonetsa mwachidule, ine n'kuima kutsogolo ngati wotsogolera mapemphero. Ndinkatchula nambala ya nyimbo, kudumpha ndime yachitatu, kubwerera ku korasi, kenako n'kuitana vesi la mu Yesaya mwadzidzidzi. Tinkayang'ana m'mene akuchedwera ndi m'mene nkhope yake ikuonekera. Ndikulangiza mpingo uliwonse kuchita zimenezi, chifukwa katswiri wanu wa makompyuta tsiku lina adzapita ku yunivesite kapena ku Joni, ndipo adzatsale pa mpandowo ndi wina ngati mtsikana ameneyu.

Ife tinakhazikika pa OpenLP. Imagwira pa Windows, Mac ndi Linux, siilemera, ndipo nyimbo iliyonse mumailembera dongosolo la ndime ndi korasi kamodzi kokha. Ilinso ndi njira yoyendetsera pa foni: foni ndi laputopu zikakhala pa Wi-Fi imodzi, ngakhale yopanda intaneti, wotsogolera nyimbo atha kusintha yekha ali kutsogolo. Mpingo wina utha kukonda VideoPsalm kapena FreeShow ndipo sudzakhala utalakwa. Chofunika n'chakuti anthu anu aiyese ndi manja awo.

Kusankha kunali kopepuka poyerekeza ndi zimene zinatsatira. Mapulogalamuwa amabwera okonzekera Chingerezi, ndipo za Chichewa muyenera kuikamo nokha. OpenLP imalandira Baibulo la m'mafayilo a mtundu wa OSIS, Zefania kapena OpenSong. Mpingo wathu umawerenga Buku Lopatulika, lomwe linatuluka koyamba mu 1922, ndipo anthu achikulire mawu ake anawaloweza. Mafayilo ake amayendayenda pa mafulashi ndi pa WhatsApp, koma simudziwa anawataipa ndani, ndipo nkhani ya chilolezo ndi ya a Bible Society of Malawi, choncho ndi bwino kuwafunsa iwowo. Baibulo la Mawu a Mulungu mu Chichewa Chalero, la bungwe la Biblica, linaperekedwa ndi chilolezo chomasuka, ndipo ndi limene tinayamba nalo. Apa tinagwirizana ndi abusa kuti zimene zili pakhoma zizifanana ndi buku limene wowerenga wanyamula. Zikasiyana, anthu amasiya kumvetsera n'kuyamba kuyerekeza mawu. Choncho powerenga Buku Lopatulika tinkangoonetsa dzina la buku, mutu ndi ndime, aliyense n'kutsegula lake.

Nyimbo tinagawana kutaipa, aliyense chigawo chake cha m'buku. Lamulo linali lakuti mutu uliwonse uyambe ndi nambala, chifukwa kwathu kuno nyimbo timaiitana ndi nambala osati mzere woyamba. Wina akataipa, wina aziwerenga ali ndi buku m'manja, makamaka amayi a Mvano amene nyimbozi anakula nazo. Iwo amagwira cholakwika chimene ife achinyamata sitingachione. Samalaninso ndi chilembo cha ŵ ndi kachizindikiro ka mu ng': mafayilo ena akale amazisandutsa timabokosi, ndiye yang'anani pakhoma penipenipo musanakhutire.

Za maonekedwe tinachita kukayesa masana, dzuwa likulowa m'mawindo, ndipo gogo wina tinawapempha kuti akhale benchi yakumbuyo. Zithunzi za mathithi ndi mitambo kumbuyo kwa mawu tinazichotsa zonse chifukwa iwo sankatha kuwerenga. Tinatsala ndi zilembo zoyera zikuluzikulu pa malo akuda, mizere inayi pa tsamba, ndipo mzere uzidukira pamene oimba amapumira. Pa Windows, dinani batani la Windows pamodzi ndi P n'kusankha Extend, apo ayi mpingo udzaona zonse zimene mukuchita pa laputopu.

Chotsiriza chinali kukonzekera tsiku loipa. Foda imene OpenLP imasungamo nyimbo timaikopera pa fulashi mwezi uliwonse, fulashiyo n'kukhala ndi mlembi wa mpingo. Mabuku a nyimbo sitinawachotse m'mabenchi, ndipo bolodi ya manambala idakali pakhoma, kuti magetsi akazima pakati pa nyimbo, jeneleta isanalire, mpingo uzipitiriza kuimba. Pano tikuphunzitsa achinyamata ena awiri kuti azisinthana pa mpandowo, aliyense azipezanso Lamulungu lokhala m'benchi n'kumapembedza ndi anzake.