Mpando wa chelo pa ndege

Bungwe lathu limakonza makonsati a chamber music, nyimbo zoimbidwa ndi anthu ochepa, aliyense mbali yakeyake, popanda wina woima kutsogolo ndi kandodo. Gulu lodziwika kwambiri ndi la anthu anayi: mavayolini awiri, viyola (yokulirapo pang'ono kuposa vayolini) ndi chelo (choimbira cha zingwe chachikulu kuposa zonsezi). Joseph Haydn analemba nyimbo zoposa 60 za gulu lotere, ndipo chaka chilichonse timatsegula ndi iyeyo chifukwa sathamangitsa munthu.

Chaka choyamba tinkangogulitsa matikiti pakhomo, ndipo tulo sitinkatiwona. Oimba aluso umayenera kupangana nawo kudakali chaka chathunthu, ndipo mukasainirana, malipiro awo ndi ngongole basi, holo idzaze kapena isadzaze. Chinatipulumutsa n'kugulitsa tikiti imodzi ya makonsati onse 6 nyengo isanayambe. Ndalama imeneyo ikalowa m'pamene timadziwa oimba amene tingawakwanitse. Ogula matikitiwa ambiri ndi achikulire, ndipo ena sabwera n'komwe kumakonsati onse, koma popanda iwo bwenzi titatseka kalekale.

Piyano nayo imadya ndalama mwakachetechete. Konsati iliyonse imene ikufunika piyano, wochuna ayenera kubwera tsiku lomwelo, chifukwa kutentha ndi chinyezi zimasokoneza mawaya ake. N'chifukwa chake makonsati ambiri timakonda zoimbira za zingwe zokhazokha, ngakhale pagulu sitinena.

Mkangano waukulu m'komiti unabuka pa wolemba nyimbo Franz Schubert. Ine ndinkafuna quintet yake (nyimbo ya oimba asanu) ya mu C major, imene analemba mu 1828, miyezi yochepa asanamwalire ali ndi zaka 31. Yekha sanaimve ikuimbidwa, pakuti inaimbidwa pagulu koyamba mu 1850. Vuto lake, nyimboyi imafuna machelo awiri, ndipo woimba wachisanuyo ankachokera kutali. Chelo siikidwa pamodzi ndi masutikesi ayi, imagulidwira mpando wakewake m'ndege. A msungichuma athu atawona mtengo anandifunsa kuti, “Inu mukufuna tilipirire bokosi lathabwa tikiti?” Tinakangana misonkhano iwiri, ndipo ndinapambana ndi voti imodzi yokha.

Usiku wa konsati, gawo lachiwiri la nyimboyo, lapang'onopang'ono, litatha, m'holo munangoti zii, ngakhale aja okonda kutsokomola pakati pa magawo anaiwala. Ndinasuzumira kumbuyo n'kuwona a msungichuma ataima pakhomo, bokosi la ndalama lili m'khwapa, maso ali pa machelo awiriwo. Tinataya ndalama pang'ono usikuwo, koma ogula tikiti ya nyengo yonse anawonjezekera chaka chotsatira.

Tikupinda mipando ndinayesa mwayi. Ndinawauza za Octet ya wolemba nyimbo Felix Mendelssohn, imene analemba mu 1825 ali ndi zaka 16 zokha, yoimbidwa ndi anthu 8. Anandiyang'ana, n'kufunsa kuti machelo ndi angati. Nditati awiri, anangonyamula mipando yawo n'kumapita.