Ndinazungulira raundabauti pansi pa nyanja

Amayi nditawauza pa foni kuti mawa lake ndiyendetsa galimoto pansi pa nyanja, anangoti duu kaye. Kenako amvekere, "Mwana iwe, kumeneko ukasakako chiyani? Nsomba?" Ndinaseka, koma kumtima kunali thithithi.

Ndinali ku Faroe Islands, zilumba 18 za pakati pa Scotland, Iceland ndi Norway, kumene nkhosa n'zambiri kuposa anthu. Galimoto ya hayala ndinaitengera pa bwalo la ndege ku Vágar, ndipo popita ku likulu, Tórshavn, ndinadutsa kale mu Vágatunnilin, msewu wa pansi pa nyanja wa 2002. Koma umenewo n'ngwaufupi. Womwe unanditengetsa ulendo ndi Eysturoyartunnilin, wa makilomita 11, womwe anautsegula mu Disembala 2020 polumikiza chilumba cha Streymoy ndi cha Eysturoy.

Polowera pake, ku Hvítanes, sipoopsa konse: khomo chabe pathanthwe. Ukalowa ndiye kutsika, kutsikabe, mpaka kupitirira mamita 180 pansi pa madzi. Makutu anayamba kutseka. Ine manja gwa pa chiwongolero, liwiro la kamba, pomwe eni dziko akungobwera pambuyo panga mosatekeseka, ena mwina akuchokera kokagula buledi. Kwa iwo, ulendo wochokera ku Tórshavn kupita ku Runavík, tauni ya pa Eysturoy, womwe kale unkadya ola lathunthu mozungulira tsopano n'ngwa mphindi 16 zokha, nkhani n'kuthera pomwepo.

Mwadzidzidzi patsogolo panawala buluu. Raundabauti! Pakati pake anasiyapo chimwala chachikulu chofika kudenga, magetsi ake akusinthasintha, buluu, wobiriwira, wachikasu. M'munsi mwake muli zithunzi za anthu zachitsulo, agwirana manja kuzungulira mwala wonsewo. Anazikonza ndi Tróndur Patursson, mmisiri wa komweko, potengera gule wawo wamakolo wovina atagwirana manja m'bwalo. Pamenepa msewu umagawikana: nthambi ina imatulukira ku Strendur, ina cha ku Runavík, mbali ziwiri za gombe la Skálafjørður.

Apa ndi pomwe ndinachita manyazi. Kumeneko amayenda kumanja kwa msewu, choncho raundabauti umaizungulira mosemphana ndi momwe manja anga anazolowerera kwathu. Poti maso anali pa anthu achitsulo aja, potulukira panga ndinapaphonya, ndiye ndinazunguliranso kachiwiri. Kachitatu kokha ndiye kanali kadala.

Palibe geti, palibe wotolera ndalama. Kamera imawerenga nambala ya galimoto, bilu n'kukupeza pambuyo. Yanga inandidikira kwa eni galimoto, ndipo sinali yamasewera.

Nditatulukira ku Runavík kunali kamvula kowaza ndi mphepo yolasa m'mafupa. Ndinaima pambali n'kuwatumizira amayi chithunzi cha raundabauti ija chomwe ndinachipeza pa intaneti, poti m'katimo foni sindikanaigwira. Yankho silinachedwe: "Nanga madziwo ali kuti?"