Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Wenzulo wa ku 25

Gawo lapita lija ndinasiyira pomwe tinasamuka ku Kawale kupita ku Area 25, chaka cha 2021, titapeza kanyumba kopanda mpanda kokhala ndi mtengo wa mango pakhomo womwe ana a mzere onse ankauyesa wawo. Lero ndikambe za chinthu chomwe chinandipulumutsa pa asayinimenti ina yomwe ndinali nditaigonjera kale, ka wenzulo ka pulasitiki kamene kamakhala pa msomali kuseri kwa chitseko chathu mpaka pano.

Tisanathe ndi miyezi inayi yomwe akuba anatiyendera. Munali mu December, mvula ikuwomba malata moti olo munthu akuwe panja sungamve, anathira madzi pakhoma la kukhitchini n'kumasolola njerwa imodziimodzi mpaka panapezeka bowo loti munthu wamkulu kudutsa bwinobwino. TV inapita, thumba la chimanga linapita, ndi mapoto omwe a madamu omwe anawapatsa pa chinkhoswe. Mamawa madamu anangoima n'kumayang'ana bowolo, kenako akuti "bambo, ine kuno ayi, tibwerere ku Kawale." Sabata yomweyo nyumba zina zitatu mu mzere mwathu zinaona zomwezo.

Nde Lamulungu lake tinakumana pansi pa mango paja, nyumba 23, amfumu a mu block mwathu aliponso. Tinagwirizana zosavuta: nyumba iliyonse K2,000 pamwezi yolipira anyamata anayi olondera usiku, nyumba iliyonse igule wenzulo, ndipo lamulo lalikulu linali loti wenzulo ukalira aliyense atuluke, kaya ndi 2 koloko usiku kaya kukugwa mvula, kaya woimbayo simuyankhulana naye. Ine anandisankha ulembi pa chifukwa chimodzi basi, ndinabwera ndi hadikava ndi bolopeni. Koma pali mdala wina wa kumapeto kwa mzere yemwe anakana. Iye akuti "ana inu, anyamata obawo timawadziwa, amakhala kutsidya kwa dambo uko, bwanji osangomawaponyera kangachepe azitisiya?" Anthu anamuwowoza, iye n'kunyamuka ndi kampando kake.

Tidumphe zaka pang'ono. Mu 2024 ndinayamba sukulu ya kumapeto kwa sabata, dipuloma ya za ubale wa mayiko, poti kuntchito kuja anyamata obwera dzulo ankangondidumpha ndi mapepala awo. Alekichara anatipatsa funso loti: n'chifukwa chani mayiko amapanga migwirizano ya chitetezo yokhala ndi maofesi ndi malamulo ake, ndipo n'chifukwa chani amaisungabe olo mdani atatha? Chitsanzo chinali NATO, mgwirizano wa chitetezo wa America, Canada ndi mayiko ambiri a ku Ulaya. Inayamba pa 4 April 1949 ku Washington ndi mayiko 12, kuopa Soviet Union. Mbali inayo inapanga yawo, Warsaw Pact, mu 1955. Chafika 1991 Warsaw Pact yatha, Soviet Union nayo yagawikana December wake, koma NATO yomwe nthawi imeneyo inali ndi mayiko 16 lero ili ndi 32. Akatswiri akuluakulu ngati Kenneth Waltz ndi John Mearsheimer ankayembekezera kuti ifota poti chomwe ankaopa chapita, koma ayi ndithu.

Masabata awiri ndimangowerenga osamva kanthu, chingerezi chake chija chokhala ngati akukubisira dala. Tsiku lina usiku magetsi atazima ndikuwerengera ku tochi ya foni ndinafika pa maganizo a Stephen Walt a mu 1987, oti mayiko sagwirizana polimbana ndi wamphamvu kwambiri ayi, amagwirizana polimbana ndi amene akuwaopseza, ndipo kuopsako kumatengera mphamvu zake, kuyandikira kwake, zida zoti angakuputire nazo komanso mmene ukuwuonera mtima wake. Ndinaseka ndekha mpaka madamu kudzuka. Mu mzere mwathu wamphamvu kwambiri ndi bwana wa golosale, ali ndi mpanda wa waya wamagetsi ndi agalu awiri, koma palibe anaganizapo zomupangira gulu. Tinkaopa anyamata osauka kuposa ife tomwe, chifukwa anali pafupi ndipo cholinga chawo tinachiona pa khoma la khitchini yanga.

Walt yemweyo amati pali njira ziwiri, kuphatikizana kuti muletse woopsayo kapena kungopita kukakhala mbali yake kuti akusiye. Ndinati eeeh, uyu ndi mdala wa kampando uja. Ndipo tisamuseke kwambiri mdalayu, poti dziko lathu linayendapo njira imeneyi. Nthawi yomwe Tanzania ndi Zambia ankalimbana ndi boma la tsankho la South Africa, Kamuzu anatsegula nalo ubale wa ukazembe mu 1967, nduna yaikulu ya dzikolo John Vorster anabwera kuno mu 1970, Kamuzu naye anapita konko mu 1971, ndipo ngongole yoyambira kumangira likulu lino inachokera komweko. Mzinda womwe ndikulemberamo izi unakhala likulu mu 1975 ndi thandizo la anthu omwe anzathu ankawatcha adani. M'gulu la Frontline States, la mayiko a kuno olimbana ndi boma la tsankholo, ife sitinalimo. Kaya kunali kuchenjera kaya kunali kugulitsa abale, mkalasi tinakangana mpaka nthawi kutha, ine ndimaona kuti dziko laling'ono lopanda doko limawerengera mosiyana ndi lomwe lili ndi Dar es Salaam, koma sizikutanthauza kuti zinali zokoma.

Funso lenileni linali lachiwiri lija, losunga gulu mdani atapita, ndipo yankho ndinkagona nalo m'nyumba osadziwa. Kwathu kuja kuba kunatha chakumapeto kwa 2022, anyamata ena anagwidwa ena anasamuka. Mwa nzeru za Waltz gulu lathu limayenera kufera pompo. Zoona olipira anatsika, pa 23 tinatsala 14, ena ukawapeza amati "aneba mubwere mawa" mawa lake osafika. Koma gulu silinafe. Tinali kale ndi tcheya, msungichuma, gulupu ya WhatsApp, tsiku lokumana lodziwika, ndi hadikava ija momwe muli nambala ya aliyense, amene ali ndi galimoto, amene ndi nesi, amene salephera kudzuka. Mwana wa aneba atadwala usiku tinagwiritsa ntchito mndandanda womwewo kupeza galimoto yopita ku Central. Maliro atagwa, chopereka chinayenda mu buku lomwelo. Ngalande itatsekeka, gulu lomwelo. Ndani akanalola kutaya zonsezi n'kudzayambanso pa ziro tsiku lomwe mavuto abwerera?

Nditapeza zomwe analemba Celeste Wallander mu 2000 ndinangoti mayi awa anakhalapo ku 25 kapena? Mfundo yawo ndi yoti NATO pa zaka 40 zija inamanga zinthu zoti zimagwira ntchito olo mdani asinthe: likulu ku Brussels komwe akazembe a mayiko onse amakumana pafupifupi sabata iliyonse n'kumagwirizana zinthu onse pamodzi popanda kuvota, akuluakulu a asilikali ozolowera kukonza mapulani limodzi, mpaka zipolopolo za saizi imodzi kuti msilikali wa dziko lina athe kugwiritsa ntchito za mnzake. Kumanga zimenezi n'kodula, kuzisunga n'kotchipa. Nde Soviet itapita anangozitembenuzira ku ntchito zina, Bosnia 1995, Kosovo 1999, kenako Afghanistan. Ndipo lamulo lawo la wenzulo, Article 5, loti kuputa mmodzi n'kuputa onse, analigwiritsa ntchito kamodzi kokha, pambuyo pa 11 September 2001, wothandizidwa n'kukhala America yemwe aliyense ankamuyesa wothandiza ena.

Palinso kena komwe sindinkakaganizira, koti gulu limaletsanso mamembala ake kudyana okhaokha. Greece ndi Turkey analowa limodzi mu 1952 ndipo mpaka lero sagwirizana pa nkhani ya Cyprus ndi nyanja ya Aegean, koma amakhala pa tebulo limodzi. Kwathu tili ndi mabanja awiri omwe anayambana chifukwa cha madzi a kubafa odutsa pakhomo pa mnzake, sapatsana moni, koma Lamulungu loyamba la mwezi onse amakhala pansi pa mango.

Osati zonse ndi zokoma ayi. Bwana wa golosale uja ndi amene anagula matochi ndi majombo a alonda, ndipo msonkhano uliwonse amadandaula kuti iye ndi amene akusenza gulu pomwe ali kale ndi agalu ake. Mancur Olson ndi Richard Zeckhauser anazilemba kale izi mu 1966, kuti mu mgwirizano wamkulu amalipira zoposa gawo lake ang'onoang'ono n'kumabisala kumbuyo kwake, n'chifukwa chake America inkangokhalira kukumbutsa anzake za lonjezo lomwe anapanga ku Wales mu 2014, loti dziko lililonse liziika 2 peresenti ya chuma chake pa chitetezo. Koma bwanayu satuluka, sinanga golosale yake ili mu mzere womwewu. Ndiye pali mantha awiri omwe Glenn Snyder anawatchula, oti anzako akuthawa tsiku lomwe wawafuna, ndi oti anzako akukokera mu ndewu yomwe si yako. Achiwiriwa tinawalawa. Mkulu wina atakhuta ku bala anatukwana anthu, atayamba kumuthamangitsa anafika mu mzere akuimba wenzulo, tonse panja ndi zibonga, ine kabudula yekha, kukapeza kuti ndi nkhani ya ngongole ya mowa. Kuyambira pomwepo tinaika lamulo, woimba wenzulo popanda wakuba faindi K5,000.

Mu asayinimenti ndinalemba kuti mantha ndi amene amayambitsa, hadikava ndi imene imasunga gulu nthawi yomwe anthu ayiwala mantha, koma hadikava payokha siibweza omwe anathawa. Finland ndi Sweden anakhala kunja kwa NATO zaka zonsezi, Russia italowa mu Ukraine mu February 2022 anathamangira kukagogoda, Finland kulowa 2023 Sweden 2024. Mdala wa kampando naye batire ya galimoto yake itabedwa anabwera yekha mamawa, akuti "alembi, kodi mawenzulo aja alipobe?" Ndinakhoza, ngakhale alekichara analemba ndi inki yofiira m'mbali kuti nkhani za ku 25 ndichepetseko.

Zonsezi zinali za pa pepala mpaka January 2025. Mu mzere mwathu muli mayi ena amasiye, timangowatchula kuti amayi a pakona, mwana wawo ndi msilikali ndipo anali ku DRC pansi pa SADC, gulu lomwe linatumizidwa mu December 2023, asilikali a South Africa, Tanzania ndi Malawi. Zigawenga za M23 zitayandikira mzinda wa Goma nkhani inamveka yoti asilikali athu ena aphedwa, mayina asanatuluke. Ndinawapeza atakhala pakhonde foni ili m'manja, ayika pa chaja yaing'ono ija kuopa ingazime, nsima ya masana ili pambali yosakhudzidwa. Akuti "alembi, inu mwaphunzira, tandiuzeni, ku Congo ife tili ndi munda?"

Ndikanatha kuwauza kuti mayiko a SADC anasainirana pangano lotetezana ku Dar es Salaam mu 2003, kuti asilikali athu akhala akupita ku DRC kuyambira kale ndipo mu 2013 anali m'gulu la United Nations lomwe linatumizidwa kukalimbana ndi M23 yomweyo, kuti zigawenga za ku Cabo Delgado ku Mozambique zili m'dziko loyandikana nalo ndipo tsiku lina woimba wenzulo atha kukhala ife. Ndikanawauzanso chodabwitsa choti mwana wawo ali mbali imodzi ndi asilikali a Tanzania, dziko lomwe timakangana nalo za malire a nyanja. Koma pakamwa panauma. Ndinangoti "amayi, tiyeni tidikire," n'kukhala nawo pansi mpaka mdima. Mwana wawo anayankha patapita masiku, mawu awiri okha pa WhatsApp. Mu February pulezidenti wa nthawiyo a Chakwera analamula kuti asilikali athu akonzeke kubwerera, mu March SADC inathetsa ntchitoyo.

Miyezi ingapo itadutsa, Loweruka lina cha m'ma 3 koloko masana, wenzulo unalira ku kona mosalekeza. Tonse panja, bwana wa golosale ndi agalu ake, mdala wa kampando ndi mpini wa khasu, madamu ndi mthiko. Kufika kuja tinapeza amayi a pakona akuimba wenzulo uku akuvina, mnyamata ataima pambali ndi chikwama chake, wawonda, akungoseka mwamanyazi. Mkulu wa ku bala uja ndi amene anayamba kukuwa kuti "faindi! Ine munandilipiritsa!" A tcheya anandiyang'ana, ine ndinati hadikava ndaiwala kuntchito, pomwe inali pa tebulo m'nyumba.