Thumba la zigamba la pansi pa makina a azakhali

Loweruka, mwezi wa June, kuno ku Chipata.

Chisanu cha m'mawa uno chinali cholowa m'mafupa. Phiri la Kanjala silimaoneka n'komwe, nkhungu ili mbuu, ndipo ine ndikanakhalabe m'bulangete pakadapanda siketi yanga ya kwaya. Zipi yake inathothoka Lamulungu lapitali, ndakhala ndikuzengereza sabata yonse, chikhalirecho mawa tikuimba. Magetsi anali atapita kale, choncho tiyi ndinawiritsa pa mbaula, ndikumwa chiimirire, siketi m'pulasitiki, n'kukwera njinga ya anyamata onyamula anthu aja mpaka ku Kapata.

Azakhali amasokera pakhonde la sitolo ina kumbuyo kwa msika. Makina awo ndi Singer yakuda yopalasa ndi phazi, yomwe inanditsogolera kubadwa, ndipo za magetsi iwo alibe nazo ntchito. Pansi pa makinawo pamakhala thumba la feteleza lodzaza ndi tizidutswa totsala pometa nsalu. Tina amapatsa amayi oluka zopondera pakhomo, tina ana amatola kukavekera zidole, totsalato timathera pa moto.

"Mwadzuka bwanji, azakhali?"

"Tadzuka, kaya iwe mwanawe? Wabwera ndi chiyani chong'ambika lero? Paja iwe kuno sufika ndi manja abwino."

Ndinawapatsa siketi, iwo n'kuiponya pamwamba pa mulu wa mayunifolomu. Podikira ndinatulutsa foni. Sabata yonseyi usiku tulo tikandithawa ndakhala ndikuonera zofunda zosokedwa ndi zigamba, zimene kunja amazitcha quilt, ndipo zina ndinazisunga kuti ndidzawaonetse. Kapangidwe kake n'kosavuta kufotokoza. Pamwamba pamakhala zigamba zolumikizidwa, pakati thonje kapena chinthu chofewa chogwira kutentha, pansi nsalu imodzi yaikulu. Ukatero umasoka ulusi wobowola zitatu zonsezo kuti zigwirane, ndipo ulusi umenewu umasiya timizere takenso tokongoletsa. Masiku ano alipo anthu amene amasoka zimenezi kuti zikapachikidwe pakhoma ngati chithunzi, wofunda palibe.

Choyamba ndinawaonetsa cha amayi a ku Gee's Bend, kamudzi ka anthu akuda ku Alabama, m'dziko la America. Azakhali anakweza magalasi, kuyang'ana kamodzi kokha, n'kutsonya.

"Ichi wasoka ndani? Mizere yokhotakhota chonchi? Mtsikana wangayu atandisokera zotere ndingamuuze kuti amasule yonse."

Mtsikana amene akuphunzira ntchito kwa iwo anaseka atagwira pakamwa. Ine zinandiwawa ngati ndasoka ndine, ndiye ndinayamba kuwalongosolera. Kamudziko kazunguliridwa ndi mtsinje wa Alabama mbali zitatu, ndipo anthu ake ndi zidzukulu za akapolo amene ankalima thonje pomwepo. Ambiri mpaka lero dzina lawo ndi Pettway, dzina la mzungu amene anali mwini munda ndi mwini anthu. Mu 1962, anthu akuda ali pakalikiliki wofuna kulembetsa mavoti, bwato lowawolotsa kupita ku tauni ya Camden linaimitsidwa, ndipo linadzayambanso kuyenda mu 2006. Nyumba zawo zinali zamatabwa zolowa mphepo, choncho amayi ankang'amba mabuluku akutha, matumba ndi madiresi n'kusoka zofunda, wina kuphunzira kwa mayi ake, mayi akewo kwa ambuya. M'zaka za m'ma 1970 gulu la osoka la m'deralo, Freedom Quilting Bee, linapeza ntchito yosokera sitolo ya Sears zovekera mapilo za kodiroyi, ndipo zidutswa zotsala zinathera m'zofunda za kunyumba. Apa azakhali anagunda thumba lawo lija ndi chidendene, osanena kanthu.

Mu 2002 zofundazo zinapachikidwa m'nyumba yoonetsera zaluso ku Houston, kenako ku Whitney Museum ku New York, ndipo anthu ophunzira za zojambulajambula anagwira pakamwa. Mu 2006 khumi mwa izo zinasindikizidwa pa masitampa a positi a dziko la America.

Zonsezi azakhali sizinawasunthe. Chinawasuntha ndi pamene ndinakulitsa chithunzi ndi zala. Chinali chofunda cha Annie Mae Young cha mu 1976. M'mbali monse muli zidutswa za jinzi zobiriwira ngati thambo, pakati pali timizere ta kodiroyi tofiira, tachikasu ndi tofiirira, tikuchita ngati makala oyaka pakati pa phulusa. Anandilanda foni n'kuiyandikitsa kumaso.

"Taima. Apa ndi pa bondo. Waona pamene payera? Ndipo apa panali thumba, analimasula, n'chifukwa chake mkatimo mwada kuposa m'mbali. Dzuwa silinafikemo."

Ine chithunzicho ndachiona kakhumi, koma za thumbazo sindinazione. Iwo anangoti phee nthawi yaitali, chala chikutsata msoko.

"Mwini bulukuli ankagwada pogwira ntchito. Ndipo mayiyu pofiirapo sanaike mwangozi. Akanaika pakati penipeni chikanagona tulo. Wakankhira pambali pang'ono kuti diso liziyenda."

Sanabweze mawu awo oyamba aja, azakhali sabweza mawu, koma foni sanandibwezerenso.

Kunabwera kasitomala, mayi wonenepa bwino wofuna diresi la chilanga mulilo cha mwana wa mng'ono wake, mwambo wopititsa zakudya kwa mkamwini. Anakangana za mtengo mpaka ine manyazi kundigwira. Diresi la mapindo atatu, manja otukumuka, laini mkati, ntchito ya masiku awiri athunthu, mayiyo akufuna kulipira ngati akugula tomato wa madzulo. Chitenjecho ku Down Shops analipira osatsutsa, chifukwa mtengo unalembedwa. Manja a telala ndiwo alibe chikwangwani. Anagwirizana pakatikati, azakhali akumuyeza m'chiuno nkhope ili gwa.

Atachoka ndinawaonetsa Bisa Butler, ndipo apa khonde lonse linasonkhana, ndi mnyamata wokonza nsapato yemwe. Mayiyu anabadwa mu 1973 ku New Jersey, bambo ake ndi a ku Ghana, ndipo anali mphunzitsi wa zojambula kusukulu asanayambe kudya za singano. Amatenga zithunzi zakale za anthu akuda, zija zopanda mtundu, n'kuzisoka ndi nsalu, munthu kutalika ngati wamoyo. Penti sagwiritsa ntchito ngakhale dontho. Nkhope imakhala ya buluu, yofiira, yalalanje, yapepo, koma ukaiona umadziwa kuti uyu ndi munthu wakuda ndipo akukuyang'ana iweyo. Zovala zake amadula m'zitenje ngati zathu zomwezi ndi mu kente wa kwawo kwa bambo ake. Mu 2020 ntchito zake zinaonetsedwa ku Art Institute of Chicago, ndipo chaka chomwecho nkhope ya Wangari Maathai wa ku Kenya yosokedwa ndi iye inatuluka pachikuto cha magazini ya Time.

Wokonza nsapato anakana kwamtuwagalu. "Amai, iyi ndi penti. Atinamiza a pa intaneti." Azakhali anakulitsa tsaya limodzi n'kuyamba kuwerenga tizidutswa ndi nsonga ya sizasi. Atapitirira khumi analeka.

"Penti ilibe msoko, mwana wanga. Taona apa, waika kansalu koonekera mkati, konga neti, pamwamba pa kofiira kuti pakhale mthunzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu uyu msana wake umamupweteka ngati wanga."

Ndikaganiza tsopano, kuyamikira kumene ndinamva lero kunali kumeneku. Ine ndimaona dzina, mzinda ndi chaka. Iwo amaona maola. Pa intaneti anthu amangolemba kuti "zokongola" n'kupitirira, monga ndimachitira inenso, koma munthu amene anathyolapo singano pa jinzi yopindidwa kanayi amadziwa pamene mnzake anavutikira.

Wachitatu ndinamusunga dala. Billie Zangewa anabadwira ku Blantyre mu 1973, anakulira ku Botswana, pano amakhala ku Johannesburg. Kungomva Blantyre azakhali anawongoka. "Ndiye ndi wathu uyu, wa kuseri kwa malire a Mwami chabe." Zake kunena zoona si zofunda, alibe thonje pakati. Amadula silika n'kusoka ndi manja, kachidutswa pamwamba pa kachidutswa, ndipo zimene amasoka ndi za m'nyumba: iye mwini ali kukhitchini, mwana wake ali patebulo, munthu atagona pampando atatopa. M'mphepete mwa nsalu zake simukhala mowongoka, pena pamasowa chigawo chonse ngati mbuzi inadyapo. Mtsikana wophunzira uja anafunsa ngati nsalu inamuthera. Ine ndimaona ngati amasiya dala, poti tsiku la mzimayi nalonso silikhala lathunthu, wina amalumako. Azakhali anati mwina zonse ziwiri, ndipo nkhani inathera pomwepo chifukwa nsima inafika.

Tinadya ya chiwawa chotendera ndi kapenta. Tikudya ndinawauza za Faith Ringgold wa ku Harlem, amene anamwalira mu 2024. Iye ankajambula ndi penti pansalu n'kulemba nkhani m'mphepete, ndipo quilt yake yoyamba mu 1980 anasoka ndi mayi ake, Willi Posey, amene anali telala wa madiresi. Azakhali anandiyang'ana cham'mbali. "Ndiye ukufuna kunena kuti iwe ujambule, ine ndisoke? Iwe amene batani likuvuta?"

Koma atasamba m'manja anakoka thumba lija n'kulikhuthula pa mphasa. Mbwee! Ukwati wa theka la Kapata unali pamenepo. Buluu wa amayi a chigwirizano, zoyera za ubatizo, khaki wa sukulu, chitenje cha chipani china chokhala ndi theka la nkhope ya munthu, chofiira cha amene anapita ku Nc'wala ku Mtenguleni mu February, ndi kachidutswa ka chitenje chimene banja lathu linavala pa maliro a ambuya. Kameneko ndinakatola ine. Azakhali anakalanda mwakachetechete n'kukaika pakati.

Apa ndi pamene panali zoseketsa. Anati asoke mokhota ngati amayi a ku Alabama aja, manja n'kukana. Zaka zonsezi akhala akuwongola makolala a yunifolomu, ndiye akati akhotetse, msoko ukutuluka wowongoka ngati msewu wa ku Lundazi. Akakhotetsa mokakamiza, chikuoneka chabodza, ngati munthu wamkulu akuyerekeza kulankhula chibwana. Anamasula katatu. Kachinayi anasiya sizasi, n'kung'amba nsalu ndi manja, kutseka diso limodzi, kulumikiza osayeza ndi tepi. Chinayamba kuoneka chamoyo.

"Kani n'zovuta," anatero chapansipansi, osati kwa ine.

Ine anandipatsa singano kuti ndiyese kubowola zitatu zija pamodzi. Pakati tinaika chidutswa cha bulangete la salaula. Zinandiseketsa mowawa, chifukwa miyezi ino mathiraki odzaza thonje akudutsa m'tauni muno tsiku ndi tsiku kuchokera m'midzi ya ku Katete, ku Chadiza ndi ku Lundazi, koma loyera lopunthidwa kale loti telala agule kilo imodzi ndiye sindinalionepo pamsika. Thonje lathu limapita, limabwerera litasanduka chitenje cha kunja kapena juzi yovalidwa kale. Msoko wanga unatuluka ngati mapazi a nkhuku yoledzera masese, ndipo ndinadzibaya pa chala chapakati mpaka kadontho ka magazi kugwera pa choyera cha ubatizo. Azakhali anati ndisachotse.

Wokonza nsapato anabweranso kudzasuzumira. Funso lake linali limodzi: "Azungu opita ku Mfuwe angagule?" Ndinapsa nalo mtima funsolo, ngati chinthu sichikongola mpaka mlendo wodzaona nyama ku South Luangwa atatulutsa chikwama. Komabe sindinamuyankhe mwaukali, chifukwa nawo amayi a ku Gee's Bend anasoka zaka zambirimbiri popanda wowatchula kuti ndi akatswiri, mpaka wosonkhanitsa zaluso wina, William Arnett, ataona chithunzi cha chofunda cha Annie Mae Young chitayanikidwa pa mulu wa nkhuni n'kupita kukamufunafuna. Ndipo kutchukako kunadza ndi zake, mu 2007 ena mwa amayiwo anakafika kukhoti pa nkhani ya ndalama ndi umwini wa ntchito zawo. Azakhali anamuyankha okha: "Ichi sichogulitsa. Muli amayi anga umu."

Dzuwa likupendeka chinali chitakula ngati thireyi ya tiyi. Buluu kuzungulira, khaki mbali imodzi, diso limodzi la wandale uja likusuzumira pakona, chitenje cha maliro chili pambali pang'ono, osati pakati penipeni. Anachipinda n'kuchiika m'kabati ya makina momwe amasungamo ndalama. Anandiuza kuti Loweruka likubwerali ndibwere ndi mabuluku akale a atate, aja ali m'sutikesi, ndiponso ndiwasungire zithunzi zina za "mtsikana wa ku Blantyre uja".

Ndafika kunyumba kuli mdima, magetsi sanabwerebe, foni yatsala ndi mphamvu pang'ono ndipo chala chikugunda ngati chili ndi mtima wakewake. Pomasula pulasitiki ndapeza siketi ili momwe ndinaipititsira, zipi ili pululu. Tonse awiri tinaiwala. Ndafunafuna m'nyumba monse ndi tochi, ndapeza mapini awiri, ndipo bulauzi ya kwaya ndi yaitali ndithu. Mawa ndikaima mzere wakumbuyo.