Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Pamene boma la America linatseka maofesi

M'gawo lapita ndinalekezera poti ndapeza ntchito yokolopa m'maofesi a boma ku Washington, nditatopa ndi maganyu osamalira okalamba. Koma pali chinthu choti muchimvetse kaye, poti nkhani ya lero yagona pamenepo. Ngakhale ndinkagwira ntchito m'nyumba ya boma, amene anandilemba sanali boma. Inali kampani imene inapatsidwa kontrakiti yoyeretsa nyumbayo. Tinkalowera khomo limodzi ndi ogwira ntchito m'boma, tinkapatsana moni m'makonde, koma malipiro athu ankawerengedwa pa ola. Tsiku losagwira linali tsiku lopanda ndalama.

Ndalama zoyendetsera boma la America zimavomerezedwa ndi nyumba ya malamulo, ya Congress, m'mabilu 12, ndipo chaka cha boma chimayamba pa 1 Okutobala. Mu 2018 mabilu asanu anadutsa nthawi yabwino, kuphatikizapo la asilikali ndi la zaumoyo. Asanu ndi awiri anatsala, aphungu n'kumangowonjezera masiku pang'onopang'ono. Kenako Pulezidenti Donald Trump anakanirira kuti sasaina chilichonse popanda madola 5.7 biliyoni omangira khoma m'malire a dzikolo ndi Mexico. A chipani cha Democrat anati ndalama imeneyo sapereka. Ku Senate, imodzi mwa nyumba ziwiri za Congress, bilu yotere imafuna mavoti 60, ndipo chipani cha pulezidenti chinalibe okwana. Pofika pa 22 Disembala, ndalama za nthambi zotsalazo zinali zitatha.

Ine poyamba sindinade nkhawa. Ndinkakumbukira 2007 kwathu, nthawi ya Bingu wa Mutharika, pamene aphungu otsutsa anakana kukambirana bajeti mpaka ya Section 65 itaoneka mutu wake. Tinadandaula miyezi ingapo, koma ku Capital Hill ku Lilongwe anthu ankapitabe ku ntchito, chifukwa malamulo athu amalola boma kugwiritsa ntchito ndalama kwa kanthawi bajeti isanadutse. Kuno ndi zina. Kuli lamulo lakalekale lotchedwa Antideficiency Act, loletsa nthambi ya boma kuwononga ndalama imene Congress sinavomereze. Akati atseka, amatsekadi.

Khrisimasi itangodutsa, kapitawo wathu anatitumizira uthenga pa foni kuti tisabwere mpaka atatiuza. Ogwira ntchito m'boma pafupifupi 800,000 anakhudzidwa. Ena anauzidwa kukhala kunyumba, ena, monga ofufuza katundu pa mabwalo a ndege, anakakamizidwa kugwirabe ntchito osalipidwa. Ife a makontrakiti sitinali m'chiwerengero chimenecho n'komwe. Pa 2 Januwale nyumba zosungiramo zinthu zakale za Smithsonian zinatsekedwa, ndipo sitima imene ndinkakwera kuchokera ku tauni ya Silver Spring pafupi ndi Washington, yomwe m'mawa munthu umasowa pogwira, inkayenda mipando ili gwa.

Chimene chinandipweteka kwambiri si lendi, ngakhale inandisowetsa tulo. Inali foni ya mayi anga. Januwale kwathu ku Ntcheu ndi nthawi ya feteleza wobereketsa, ndiponso nthawi imene ufa umatha m'nyumba zambiri. Chaka chilichonse ndalama imeneyo inkachokera kwa ine.

"Mwanangu, chimanga chayamba kuoneka chikasu," anatero.

"Amayi, pepani, mudikire pang'ono. Kuno boma latseka, sitikugwira ntchito."

Anakhala chete, kenako anafunsa, "Boma limatsekedwa ngati golosale? Kapena wachotsedwa ntchito ukundibisira?"

Ndinawafotokozera za khoma lija, za pulezidenti ndi aphungu, koma ndinkamva kuti sakukhulupirira. Sindingawadzudzule. Mungamuuze bwanji munthu wa kumudzi kuti dziko lolemera chonchi lili ndi ndalama m'thumba koma silikulipira antchito ake chifukwa akuluakulu akanganirana khoma?

Ndinabwerera ku maganyu ausiku, koma anali ochepa poti tinali ambiri owafuna. Kutchalitchi kwathu ankagawa chakudya Loweruka. Pamzere ndinaima ndi bambo wina amene ndinkamukolopera ofesi, munthu wovala tayi masiku onse. Atandiona anagwetsa nkhope, kenako anandigwira chanza n'kundithandiza kunyamula katoni ya mpunga ndi nyemba za m'zitini mpaka pa basi. Sitinalankhule zambiri. Pa Pennsylvania Avenue, msewu umene uli pakati pa White House ndi Congress, katswiri wophika José Andrés anatsegula khitchini yodyetsa ogwira ntchito m'boma ulere, ndipo mzere wake unkakhota mpaka kuseri kwa nyumba m'chisanu chija.

Pa 16 Januwale pulezidenti anasaina lamulo loti ogwira ntchito m'boma adzalandira malipiro awo onse boma likadzatsegula. Ndinasangalala nawo, poti anavutikadi. Koma lamulolo silinatchule okolopa, alonda ndi ophika olembedwa ndi makampani. Aphungu ena anayesa kubweretsa bilu yoti nafenso atiganizire, koma sinapite patali. Mpaka lero ndimaona kuti uku kunali kulakwa kwakukulu. Amene ankalandira zochepa kuposa onse m'nyumba zija ndi amene anasiyidwa, pamene aphungu amene analephera kugwirizana ankalandira malipiro awo osaduka.

Zinatha pa 25 Januwale, patadutsa masiku 35. M'mawa wa tsikulo oongolera ndege anachepa pa ntchito, ndege zinachedwa pa bwalo la LaGuardia ku New York, ndipo madzulo ake pulezidenti anavomera kutsegula boma kwa milungu itatu popanda ndalama ya khoma. Mu Febuluwale anagwirizana pa madola 1.375 biliyoni. Ofesi ya Congress yoona za bajeti inawerengera kuti dziko linataya madola 11 biliyoni, ndipo 3 biliyoni mwa amenewo sadzabwereranso.

Lolemba lotsatira tinabwerera. Tinapeza fumbi pa madesiki, maluwa a m'miphika atauma, ndi zakudya za Khrisimasi zitaolera m'mafiriji. Mnzanga wa ku El Salvador, mayi wachikulire amene anali atakolopa nyumba imeneyo kuyambira ana ake ali aang'ono, anamanga kansalu kumphuno n'kuyamba kutulutsa mabokosiwo mmodzi ndi mmodzi, misozi ikutsika. Anali atagulitsa galimoto yake kuti alipire lendi. Anzathu a boma analandira ndalama zawo zonse m'masiku ochepa. Cheke changa choyamba chinali cha maola a mlungu umenewo basi.

Ndalama ya feteleza ndinatumiza chimanga chitamasula kale, ndipo chaka chimenecho amayi anakolola zosafika n'komwe Okutobala. Mwezi wa Malichi ndinakalembetsa sukulu ya madzulo yophunzira kuthandiza anamwino m'chipatala. Za mmene ndinapezera fizi, ndi za mlamu wanga wa ku Baltimore amene anandikongoza, ndikusimbirani m'gawo likubwerali.