Kudzutsa OptiPlex yakale: driver ankangonamiziridwa, wolakwa anali RAM

Amene mukutsatira ntchito yanga yodzutsa kompyuta yakale mukukumbukira pamene ndinalekezera. Ndi Dell OptiPlex 7010 yaing'ono ija, imodzi mwa zopuma ntchito m'maofesi akunja, yokhala ndi purosesa ya Core i5-3470 ya m'chaka cha 2012. Ndinachotsamo hard disk n'kuikamo SSD, chosungira mafayilo chothamanga kwambiri. Ndinawonjezera kadi ya zithunzi ya NVIDIA GT 1030, chifukwa siifuna waya wakewake wamagetsi ndipo imakwana m'bokosi lopyapyala ngati limeneli. Pomaliza ndinagula stiki ziwiri za RAM (timabolodi timene kompyuta imasungamo kwa kanthawi zimene ikugwiritsa ntchito) za 4GB iliyonse kwa munthu wina ku Limbe, kuti ziwonjezere pa ziwiri zimene zinabwera ndi makinawo, zonse pamodzi zikwane 16GB. Cholinga sichinasinthe: ndizidula ndi kulumikiza mavidiyo a kwaya yathu ndili kunyumba.

Masiku oyamba zinthu zinali bwinobwino. Kenako sikirini yabuluu, ija imene Windows imaonetsa ikagwa mwadzidzidzi, inayamba kubwera.

Woyamba kutchulidwa

Inagwa koyamba ndikutulutsa vidiyo imene ndinali nditamaliza kudula. Pansi pa sikirini panalembedwa VIDEO_TDR_FAILURE, pambali pake dzina lakuti nvlddmkm.sys. Fayilo imeneyi ndi driver wa kadi ya NVIDIA, kapulogalamu kamene kamathandiza Windows kulankhulana ndi kadiyo. TDR ndi njira imene Windows imalondera kadi ya zithunzi: kadiyo ikakhala chete masekondi 2 osayankha, Windows imayesa kuidzutsanso, ndipo zikakanika imagwetsa makina onse. Kadi inali yatsopano m'makinamo, dzina la driver wake lalembedwa poyera, ndiye ndinayambira pomwepo. Ndinalowa mu Safe Mode, mmene Windows imayaka ndi zofunikira zokhazokha, n'kuchotseratu driver uja ndi pulogalamu ya DDU, imene imasesa ndi zotsalira zomwe, n'kuika wina wakale pang'ono.

Inakhala phee kwa kanthawi. Ikudzagwanso sindinkadula vidiyo ayi, ndinkangowerenga nkhani pa Chrome, ndipo uthenga unali wina: MEMORY_MANAGEMENT. Tsiku lotsatira IRQL_NOT_LESS_OR_EQUAL. Kenako SYSTEM_SERVICE_EXCEPTION, makina ali chikhalire, palibe amene akuwakhudza.

Windows ikagwa imasiya kafayilo kakang'ono mu C:\Windows\Minidump. Ndinatsegula timafayilo timeneti ndi mapulogalamu awiri otiwerengera: BlueScreenView ya NirSoft, kenako WinDbg polemba !analyze -v. Mayina otchulidwa anali osiyanasiyana: pena nvlddmkm.sys yemwe uja, pena driver wa netiweki, ndipo kawirikawiri ntoskrnl.exe, amene ndi mtima wa Windows weniweniwo. Mukaona ntoskrnl.exe musathamangire kunena kuti Windows yawonongeka. Nthawi zambiri zimangotanthauza kuti ngozi inaonekera m'manja mwake, koma amene anaiyambitsa sanapezeke.

Apa mpomwe pagona nkhani yonse ya sabata ino. Dzina limene sikirini yabuluu imatchula ndi la amene ankagwira ntchito pa nthawi imene zinthu zinasokonekera. Zili ngati mwana amene wapezeka atanyamula mbale yosweka, pamene mbaleyo inali ndi mng'alu kalekale. Driver wolakwa amalakwa mofanana: dzina limodzimodzi, uthenga umodzimodzi, ndiponso pochita chinthu chimodzimodzi. Kumbukirani zimene zinachitika pa 19 July 2024, pamene fayilo yolakwika ya pulogalamu yachitetezo ya CrowdStrike inagwetsa makompyuta pafupifupi 8.5 miliyoni, malinga ndi kuwerengera kwa Microsoft. M'mabwalo a ndege, m'mabanki ndi m'zipatala, makina ankaloza driver mmodzi yemweyo, csagent.sys, ndipo mankhwala ake anali amodzi: kulowa mu Safe Mode n'kufufuta fayilo imodzi. Umo ndi mmene vuto la driver limaonekera. Langali linali lamtundu wina. Lero walakwa uyu, mawa walakwa uyo, ndipo madriver onsewa sangapangane kuyamba misala sabata imodzi. Chimene onse amagwiritsa ntchito limodzi ndi RAM.

Panalinso chizindikiro china chimene chilibe sikirini yabuluu. Fayilo ya zip imene ndinatsitsa inakana kutseguka, pulogalamu yomasulira ya 7-Zip ikunena kuti CRC, nambala yotsimikizira kuti fayilo sinasinthe, yalakwika. Fayilo yomweyo, kuchokera pa fulashi yomweyo, inatseguka bwino pa laputopu ya mlamu wanga. Driver wa kadi ya zithunzi alibe chochita ndi kumasula zip.

Za magetsi, mwachidule

Kwathu kuno pali chosokoneza china. Mukatsegula Event Viewer, kumene Windows imalemba zonse zochitika m'makina, mupeza mzere wofiira wa Kernel-Power 41 nthawi iliyonse imene makina azima mosayembekezereka, ndipo magetsi akathima nawonso amasiya 41 yemweyo. Ndiye mndandanda wanga unali wosakanikirana, zina za kuthima kwa magetsi, zina za kugwa kwenikweni. Posiyanitsa, tsegulani mzerewo muone pamene palembedwa BugcheckCode. Pakakhala 0, kawirikawiri ndiye kuti magetsi anapita kapena wina anazimitsa mokakamiza. Pakakhala nambala ina, inali sikirini yabuluu. Nambalayo imalembedwa m'kawerengedwe ka masiku onse, osati ka hex kamene kamasakaniza manambala ndi zilembo A mpaka F, choncho 26 ndi 0x1A, ndiye MEMORY_MANAGEMENT uja, ndipo 10 ndi 0xA, IRQL_NOT_LESS_OR_EQUAL.

Kuyeza RAM

Windows ili ndi choyezera chake, Windows Memory Diagnostic, chimene chimatseguka mukalemba mdsched. Ndinachiyendetsa, chinamaliza, n'kunena kuti palibe vuto. Ine chida chimenechi ndimachikhulupirira chikanena kuti RAM yafa. Chikanena kuti ili bwino ndimangogwedeza mutu n'kupitiriza kufufuza, chifukwa mmene chimabwerera chimayeza mwachangu ndipo zolakwika zobisala zimachizemba.

Mnzanga wina anandiuza kuti ndiyatse Driver Verifier, chida cha Windows chimene chimapanikiza madriver kuti wolakwa aonekere. Ndi chida chabwino pa nthawi yake, koma ndinachisiya kaye. RAM ikakhala yokayikitsa, Verifier nayenso akhoza kuloza munthu wosalakwa. Komanso amatha kuchititsa makina kugwa nthawi iliyonse akamayaka, mpaka mutalowa mu Safe Mode n'kulemba verifier /reset. RAM iyambe yaweruzidwa, madriver pambuyo.

Ndinaika Memtest86+ pa fulashi. Pulogalamu imeneyi ndi yaulere, mizu yake ili mu Memtest86 imene Chris Brady analemba mu 1994, ndipo kuyambira mtundu wa 6 wa m'chaka cha 2022 imayaka pa makina atsopano a UEFI ndi a BIOS yakale omwe. Ubwino wake ndi wakuti imayaka yokha popanda Windows, ndiye palibe driver aliyense amene angaimbidwe mlandu pa zimene ingapeze. Pa Dell mumadina F12 makina akamayaka n'kusankha fulashi. Ntchito yake ndi yosavuta kuimvetsa: imalemba nambala m'malo onse a RAM, n'kubwerera kudzawerenga, n'kuona ngati zimene yapeza zikufanana ndi zimene inasiya. Imachita zimenezi ndi manambala osiyanasiyana, m'ndondomeko zosiyanasiyana, n'kuyambiranso.

Ulendo woyamba wonse unadutsa popanda cholakwika, ndipo ndikanazimitsa pamenepo bwenzi ndikulimbanabe ndi madriver mpaka lero. Ndinaisiya ikuyenda masana, m'chipinda cha malata, kunja kukutentha. Pobwerako ndinapeza m'munsi mwa sikirini muli mizere yofiira.

Ndinakhala pansi n'kuiwerenga bwinobwino, chifukwa mizere imeneyi imanena zambiri. Uliwonse umaonetsa adiresi ya malo olakwikawo, nambala imene inayembekezeredwa, ndi nambala imene yapezeka. Pa yanga, pamene pankayenera kukhala ma F okhaokha, panali B mmodzi pakati pawo. F wa hex mukamulemba m'ma 1 ndi ma 0, mmene kompyuta imasungira zinthu, ndi 1111, ndipo B ndi 1011. Kusiyana kwake ndi bit imodzi yokha, 1 amene wasanduka 0. Mzere wotsatira, adiresi yoyandikana nayo, B uja ali pamalo omwewo. Wotsatiranso chimodzimodzi. M'ma bit mabiliyoni ambirimbiri a 16GB, ndi kadera kakang'ono kamene kankaiwala zimene kauzidwa kakatenthedwa.

Ndipo zimenezi zikufotokoza chifukwa chake mauthenga ankasinthasintha. Windows siika zinthu pamalo amodzi nthawi zonse. Lero pa adiresi yodwalayo pagwera kachidutswa ka chithunzi, kadontho kamodzi kasintha mtundu, palibe amene waona. Mawa pagwera kachidutswa ka zip, CRC yakana. Mkuja pagwera adiresi imene driver wa kadi akufuna kuitsatira, iye n'kupita kolakwika, dzina lake n'kulembedwa pa sikirini. Ma seva, makompyuta akuluakulu a m'makampani, amagwiritsa ntchito RAM ya ECC, imene imazindikira bit imodzi ikatembenuka n'kuikonza pomwepo. Makompyuta wamba ngati yangayi alibe mlonda woteroyo, ndiye cholakwika chimangodutsa.

Stiki iti mwa zinayi

Adiresi imene Memtest86+ imaonetsa siikuuzani mwachindunji kuti ndi stiki iti, chifukwa makina akamayenda pa dual channel amamwaza zinthu mosinthanasinthana pakati pa stiki. Njira ndi ya manja basi. Ndinazula waya kukhoma, n'kudina batani loyatsira kwa kanthawi kuti magetsi otsalira athe, n'kugwira chitsulo cha bokosi ndisanakhudze china chilichonse m'katimo. Stiki zonse ndinazichotsa n'kuzilemba manambala ndi pensulo pa kapepala kake. Fumbi linali lambiri m'mipata, ndiye ndinalipemerera, ndipo timano tagolide ta stiki ndinatipukuta pang'onopang'ono ndi labala yofufutira pensulo. Nthawi zina vuto limathera pomwepa, stiki imangokhala kuti sinakhale bwino kapena timano tachita litsiro.

Kenako imodziimodzi, mu slot (mpata wolowetsamo stiki) yoyamba yomweyo, iliyonse kuisiya nthawi yaitali mpaka itenthe. Ziwiri zakale zinadutsa. Imodzi mwa zatsopano inadutsa. Inzake inatulutsa zofiira, B uja ali pamalo ake. Sindinalekere pomwepo: ndinatenga stiki yabwino n'kuiika mu slot imene yodwalayo inkakhala poyamba, kuti ndione ngati slot nayonso ili ndi mlandu. Inadutsa. Bolodi ili bwino, purosesa ili bwino, yafa ndi stiki imodzi.

Popeza ndinali nditazigwira m'manja, ndinawerenganso timapepala take. Zakale zalembedwa PC3-12800U, zatsopano PC3L-12800U. L ameneyo akutanthauza DDR3L, yoyendera 1.35V pamene DDR3 wamba amayendera 1.5V. Anthu ena amaopa kuzisakaniza, koma DDR3L inapangidwa kuti iziyendanso pa 1.5V, ndipo inzake ya mtundu womwewo yadutsa mayeso, ndiye L alibe chifukwa. Chilembo chofunika kuchiyang'anitsitsa pogula ndi chomalizacho. U ndi ya desktop wamba. S ndi ya laputopu, yaifupi. R ndi ya seva, ndipo imapezeka yotchipa m'misika chifukwa ma seva akale akuphwasulidwa ambiri. Imalowa bwinobwino mu slot, koma makina ngati awa sayaka nayo.

Pali njira yopitirizira kugwiritsa ntchito stiki yodwala. Linux, imene anthu ena amaika m'malo mwa Windows, mukhoza kuiuza kuti izilambalala maadiresi oipawo, ndipo Windows nayo ili ndi mndandanda wa badmemorylist umene umalembedwa ndi bcdedit. Ndinaiganizira njirayi, popeza ndalama sizitoledwa pansi. Koma stiki imene yayamba kuiwala ikatenthedwa sindingaidalire kuti ilekera pomwepo, ndipo nyengo yotentha ikadalipo.

Ndinabwerera nayo ku Limbe.

"Achimwene, koma kompyuta ikuyaka, eti?" anandifunsa wogulitsa uja.

"Ikuyaka, bwana, koma taonani izi."

Ndinawaonetsa chithunzi cha mizere yofiira pafoni. Anachiyang'ana, n'kuitembenuza stikiyo uku ndi uku ngati cholakwikacho chingaoneke ndi maso, kenako anatsegula kabati n'kundipatsa ina. Sindikuwaimba mlandu. Iwo amayesa poiika m'makina n'kuona ngati ayaka, ndipo stiki imeneyi mayeso amenewo ikanadutsa tsiku lililonse. Ndinawasiyira Memtest86+ pa fulashi yawo.

Pamene ndafika

Stiki yatsopano ndinaiyeza yokha usiku wonse, kenako zonse zinayi pamodzi, masana otentha. Zofiira palibe.

Chotsatira chinali kuganizira zimene zinalembedwa pa SSD m'masiku amene RAM inkadwala. Chilichonse chopita pa disiki chimadutsa mu RAM, ndiye fayilo imene inakopedwa kapena kusinthidwa nthawi imeneyo ikhoza kukhala ndi bit yotembenuka m'kati mwake. Lamulo la sfc /scannow linapezadi mafayilo a Windows owonongeka n'kunena kuti lawakonza, koma limangoyang'ana a Windows okha, a mapulogalamu ena siliwaona. Ndinangoika Windows mwatsopano. Mavidiyo a kwaya ndinawakoperanso kuchokera pa memory card ya kamera, imene mwamwayi ndinali ndisanaifufute, ndipo amene ndinatulutsa m'masabata amenewo ndawatulutsanso.

Driver wa NVIDIA ndabwezeretsa yemwe uja ndinamuchotsa poyamba, dala, kuti ndione. Vidiyo imene inagwetsa makina koyamba yatuluka mpaka kumapeto, ndipo foda ya Minidump ilibe kanthu mpaka pano.

Chatsala ndi nkhani ya Windows yeniyeniyo. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo i5-3470 ili kutali ndi mndandanda wa mapurosesa ovomerezeka pa Windows 11, umene kwa Intel umayambira makamaka pa m'badwo wa 8, pamene yangayi ndi ya m'badwo wa 3. Sabata yamawa ndigawa SSD pawiri, ndiike Linux Mint mbali inayo, ndiyese mapulogalamu odulira mavidiyo a Kdenlive ndi Shotcut pa vidiyo ya mphindi 20 ya kwaya, ndione ngati GT 1030 ingapirire. Phala lochotsa kutentha (thermal paste) la pakati pa purosesa ndi chitsulo chake choziziritsira nalonso lauma, ndiyenera kupaka lina ndisanayambe mayeso amenewo.