Ndudu ya pamaliro ndi mlendo wa kaundula

Lolemba kunali malungo ndi chifuwa, mzere wa OPD, ya odwala osagonekedwa, mpaka pansi pa mtengo wa mango. Lachiwiri kiliniki ya BP ndi shuga, mabatire a makina oyezera atatha, tinachita kusonkherana kuti tigule ena pa okala. Anzanga a m'zipatala zing'onozing'ono za m'mbali mwa nyanja kuno ku Nkhotakota zimenezi mukuzidziwa, sindikutayirani nazo nthawi. Chandikhazika pansi kuti ndilembe ndi cha Lachitatu, ndipo mpaka pano mtima sunatsike.

Tili ndi bambo ena, asodzi, a zaka za m'ma 50, omwe ali pa mankhwala a TB. Miyezi iwiri yoyamba ija anaimaliza osadumphitsa, makhololo anatuluka bwino, pano ali m'chigawo chomaliza cha miyezi inayi. Fodya anayamba ali mnyamata: chingambwe chopichira pa pepala la kope masiku wamba, ndudu za m'sitolo usipa ukagwidwa bwino. Tsiku lomwe ndinawapatsa zotsatira za GeneXpert, makina oyezera TB m'makhololo, ndinawauzanso mosabisa kuti wosuta ali pa chiopsezo pafupifupi kawiri chodwala TB, ndipo kuti matendawa amakonda kubwerera kwa amene akupitiriza kusuta. Anamvetsera, napita, nasiya. Analibe chingamu cha nikotini, analibe chigamba chomata pa mkono, analibe piritsi lililonse.

Amene sanaonepo msodzi akusiya fodya sangamvetse kulemera kwake. Sabata yoyamba, yomwe chibaba chimafika pachimake, akazi awo anabwera okha kudzandifunsa ngati mankhwala a TB amapengetsa, chifukwa bambo sakugona, akukalipira ana ndi nkhuku zomwe. Ndinawauza kuti ndi thupi likufuna nikotini, apirire milungu iwiri mpaka inayi zichepa. Zinachepadi. Mphamvu zitabwerera anayambanso kupita ku kauni, usodzi wa usipa wogwiritsa ntchito nyali, usiku wonse pa madzi ozizira, m'boti momwe aliyense kuyambira siginala, yemwe amatsogolera usodziwo, mpaka wokoka ukonde wa chilimira ali ndi ndudu pakamwa. Iwo ankanyamula nzimbe zodulidwa m'kajumbo. Ndikati ndinkanyadira nawo sindikunama. Mwa odwala onse omwe ndawalangiza za fodya, ambiri amangoti "chabwino adokotala" n'kukayatsa kuseri kwa mpanda.

Kenako kunabwera mwera. Boti lina linagudubuzika usiku, ndipo mwa omira munali mwana wa mchemwali wawo, mnyamata yemwe iwo monga amalume anamuphunzitsa okha ntchito ya panyanja ndi kumupezera malo m'botimo. Thupi silinapezeke msanga. Amuna ankagona pa gombe, atazungulira moto, kudikira kuti nyanja imulavule. Usiku wachiwiri mnzawo wina, mwachifundo ndithu, anawapatsa chingambwe choyatsa kale kuti akokeko mtima ukhale pansi. Anakoka. Tsiku loika maliro anakokanso.

Lachitatu anabwera kudzatenga mankhwala pa tsiku lake lenileni, maliro ali m'maso. Mwatsoka tsiku lomwelo tinali ndi alendo oyendera ntchito, aja amabwera ndi galimoto yoyera ndi mafomu. Mmodzi anakhala m'chipinda changa akuvundukula kaundula wa TB. Ine ndinawapepesa bambowo za maliro, ndinawayeza sikelo, kenako funso la masiku onse: fodya bwanji? Anayang'ana pansi.

"Adokotala, kukunamizani sindingathe. Ku malirowa ndinakokako."

Ndisanatsegule pakamwa, mlendo uja anadzutsa mutu. "Ndiye ife tikuvutikiranji, bambo? Mankhwala awa ndi odula, boma likuwononga ndalama pa inu, inu mukukawotcha mapapo omwewo. Munthu wamkulu ngati inu?" Chitseko chathu loko yake inathyoka kalekale, sichitsekeka, ndiye benchi yonse ya panja inamva, kuphatikizapo amayi a m'mudzi mwawo. Bambo aja anaimirira mwaulemu, anati "ndikubwera", natuluka. Buku lawo la kuchipatala linatsala pa tebulo, mankhwala osatenga. Ndinatuma wothandizira kuti awathamangire, anapeza atakwera kale kabaza.

Nditamufunsa mlendoyo pambali chifukwa chake wachita zimenezi, anandiyankha akuseka kuti wakutsina khutu ndi mnansi. Ayi. Mnansi amakutsinira kuseri, ndipo amayamba wafunsa kuti kwagwanji. Munthu uyu sankadziwa dzina la wodwalayo, sankadziwa za mwana womira, ndipo madzulo omwewo anali atabwerera kwawo.

Chomwe chikundiwawa n'chakuti tonse tinaphunzira zomwezi. Nikotini imafika ku ubongo m'masekondi ochepa munthu akangokoka utsi, ndipo kwa zaka makumi atatu ubongo wa bambo awa waphunzira kuti mantha, kuzizira, mkwiyo ndi chisoni mankhwala ake ndi ndudu. Kusiya kwa miyezi ingapo sikufufuta zimenezo. Ambiri omwe anasiyiratu fodya anayamba agwapo kangapo, ndipo malo ogwera ndi odziwika: pa maliro, pa mowa, mukayambana kunyumba, pakati pa anzako osuta. Bambowa ziwiri mwa izi zinawapeza usiku umodzi. Ndudu ya pa gombeyo payokha siinandiopse. Chimandiopsa ndi ganizo lomwe limabwera pambuyo pake, loti poti ndalakwa kale basi ndingopitiriza, ndipo palibe chimene chimalikuza ganizo limeneli kuposa kuchititsidwa manyazi pagulu. Tsono apa panawonjezekera china choopsa kuposa fodyayo: wodwala TB wathawa mankhwala ali pakati pa ulendo. Za TB yosamva mankhwala sindichita kukuuzani.

Ndipo tinene zoona, tili ndi chiyani china choti tiwapatse anthuwa kupatula mawu? Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika chingamu ndi zigamba za nikotini pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2009, linawonjezera mapiritsi othandiza kusiya fodya a bupropion ndi varenicline mu 2021, ndipo mu 2024 linatulutsa ndondomeko ya momwe tingathandizire akuluakulu kusiya fodya. Malawi anavomereza pangano la WHO lolimbana ndi fodya, la FCTC, mu 2023, ndipo ndime 14 ya panganolo imakamba zothandiza osuta kusiya. Mu famase mwathu simunalowepo ngakhale chimodzi mwa zimenezi chiyambireni ine ntchito pano. Chomwe tili nacho ndi chipepala cha pa 31 May, tsiku lolimbana ndi fodya padziko lonse, chomata pa khoma, chojambula mapapo akuda, dzuwa linachifufutsa kale. Kunjaku chingambwe n'chotsika mtengo kuposa mandasi, ndudu amagulitsa imodziimodzi pa okala iliyonse. Ngati chida chathu chokhacho ndi pakamwa, wina asabwere kudzachigwiritsa ntchito yothamangitsa odwala.

Lachinayi njinga yamoto inalibe mafuta, monga mwa masiku onse. Nditaweruka, ine ndi mlangizi wa zaumoyo wa dera lawo tinakwera kabaza ya m'thumba mwathu mpaka ku gombe. Mwera unali usanaleke, maboti onse ali pamtunda. Tinawapeza atakhala pa mchenga kuseri kwa thandala loyanikira usipa, ukonde atakola ku chala chachikulu cha kuphazi, akusoka. M'thumba la malaya munkaoneka paketi ya ndudu, yogula, yotsegula. Atationa anafuna kuibisa ndi dzanja, kenako anangoisiya.

Sindinayambe ndi fodya. Ndinawapatsa buku lawo ndi mankhwala, ndinapepesa za dzulo, ndipo anameza a tsikulo pomwepo ndi madzi a m'botolo la mlangizi. Kenako anafunsa funso lomwe linandionetsa kukula kwa zomwe mlendo uja anawononga: ngati n'zoona kuti fodya uja wapha mphamvu ya mankhwala onse omwe amwa, moti ayenera kuyambiranso. Usiku wonse anagona akuganiza kuti miyezi yonseyi yapita m'madzi, ndiye paketiyo anagula m'mawa mwake. Ndinawauza kuti ayi, mankhwala akupitirira pomwe analekezera, ndipo miyezi yomwe mapapo awo apuma utsi palibe angawalande. Ndinawauzanso kuti akaleka lero, pofika mawa mpweya woipa wa utsi uja ukhala utatsika kale m'magazi.

Ndinawafunsa nthawi yomwe chibaba chikuwagwira kwambiri. Anaganiza kaye. Anati si m'mawa ngati kale, koma dzuwa likamalowa, nthawi yomwe mnyamata uja ankabwera kudzatenga mabatire a nyali n'kuwapempha ya sopo. Apa anasiya kusoka. Tinakhala chete kwakanthawi, mlangizi akuyang'ana kunyanja.

Zomwe tinagwirizana zambiri zinachokera kwa iwo eni. Ine ndinangowakumbutsa kuti chibaba chimabwera mwamphamvu koma sichikhalitsa, mphindi zochepa chimatsika ngati munthu wachoka pamalopo, wamwa madzi, wapeza chochita ndi manja. Iwo ndi amene anati nthawi imeneyo ndi ya swala ya Magharibi, ndiye m'malo mokhala pakhonde kuyang'ana njira yomwe mwanayo ankadzera, azinyamuka msanga kupita ku mzikiti. Anakumbukanso okha kuti mwezi wa Ramadhani amatha kuyambira m'bandakucha mpaka kulowa kwa dzuwa osasuta, zaka zonsezi, ngakhale pomwe ankasuta kwambiri. Mfundo imeneyi ine sindikanaiganiza, ndipo inawalimbitsa kuposa zonse zomwe ndinanena.

Tinakambanso za sadaka ya masiku 40, chifukwa kumeneko anthu ake ndi omwewo, moto womwewo, chisoni chomwecho. Anati adzapempha ntchito yoyang'anira zophika ndi kugawa chakudya kuti asakhale pa bwalo la osuta. Za mnzawo wa chingambwe uja anati sangamukanire maso ndi maso, ndi munthu yemwe anasambira nawo kufunafuna thupi. Ndinawauza kuti anamizire ine, anene kuti adokotala aja ndi ovuta, amanunkhiza malaya. Anaseka koyamba. Paketi ija sindinawalande, ndipo kutaya anakana, ati ndi ndalama. Anati akabweza zotsalazo kwa mnyamata wa pa okala asinthitse ndi sopo, poti iye amagulitsa imodziimodzi sataya kanthu. Mlangizi anawaperekeza, ine ndikudikira pa msewu.

Lachisanu pa msonkhano wa m'mawa ndinaitula nkhaniyi. Ndinapempha zinthu ziwiri zokha: loko ya chitseko, ndi kuti alendo oyendera ntchito azikhala kunja wodwala akamalankhula za moyo wake, kapena azikhala chete. Ndinayankhidwa kuti za loko zidikire bajeti, ndipo za alendo tisamakangane ndi akuluakulu. Kenako anatiwerengera zomwe alendowo analemba: mizere ina ya mu kaundula wa TB sinadzazidwe, tikonze pofika mwezi wamawa. Za wodwala yemwe anathawa pamaso pawo munalibe. Tsiku lonselo linathera kwa mayi wa uchembere yemwe BP inakwera, ambulansi tikuiyimbira kuyambira 10 koloko n'kufika dzuwa litapendeka, ndi mwana wolumidwa ndi galu yemwe tinachita kumutumiza kwina chifukwa katemera wa chiwewe tinalibe.

Loweruka m'mawa mlangizi anandiimbira. Bambo aja anamupeza okha kunyumba kwake kudzanena kuti Lachisanu usiku anasuta imodzi, yopempha, atalota mnyamata uja, koma mankhwala amwa ndipo paketi sanagule. Anafunsa ngati adokotala akwiya. Ndamuuza mlangiziyo akawauze kuti abwere Lachitatu m'mamawa benchi isanadzaze, ndipo abwere ndi akazi awo kuti tikambirane zoti azichita akadzidzimuka pakati pa usiku.